Mpweya, kuwala ndi kutentha: mboni zimene zimafafaniza zodabwitsa za quantum

Mu 2004, pa Yunivesite ya Vienna ku Austria, Lucia Hackermüller ndi anzake a m'gulu la Markus Arndt ndi Anton Zeilinger ankaponya timipira ta kaboni m'chipangizo chimene anachichotsa mpweya. Kampira kalikonse kanali molekyulu yotchedwa C70, yopangidwa ndi maatomu 70. M'chipangizomo munali tisefa titatu tagolide, tokhala ndi ming'alu yoyandikana kwambiri moti pa milimita imodzi pankakwana ming'alu pafupifupi 1,000. Timipirato tikafika kumapeto sitinkagwa mwachisawawa. Tinkaunjikana m'mizeremizere: apa tambiri, apa tochepa, apa tambirinso. Mizere yotereyi imabwera pokhapokha kampira kalikonse kakayenda ngati funde, n'kudutsa m'ming'alu ingapo nthawi imodzi.

Zimenezo gululi linali litaziona kale mu 1999 ndi mamolekyulu a C60. Chatsopano chinali chakuti tsopano ankatiwotcha timipirato ndi leza tisanalowe m'tisefa. Akawonjezera pang'ono mphamvu ya leza, mizere ija inkazilala pang'ono. Akawonjezeranso, inkazilalabe. Timipira titatentha kufika madigiri pafupifupi 3,000 pa sikelo ya kelvin, mizere inatheratu, ndipo tinayamba kugwa ngati mchenga wamba.

Palibe munthu amene anasuzumira kuti aone mng'alu umene kampira kadutsa. Chinthu chikatentha kwambiri chimawala, ndipo kampira kotentha kankatulutsa tizidutswa ta kuwala totchedwa ma photon. Ma photon amenewa ankauluka n'kukathera m'makoma a chipangizo, atanyamula chizindikiro cha malo amene achokera. Palibe anawerenga chizindikirocho, koma kungoti chinalipo kunakwana.

Aliyense woyamba kuphunzira fizikisi ya quantum ndingakonde atamva za kafukufuku ameneyu asanamve za mphaka wa Schrödinger, wongoyerekezera, amene akuti ndi wamoyo ndi wakufa nthawi imodzi. Mavidiyo ambiri a pa intaneti amayamba ndi mphakayo, kenako n'kunena kuti zinthu zimasintha "munthu akayang'ana". Wophunzira amachoka ali ndi maganizo akuti maso kapena nzeru za munthu ndi zimene zimalamula maatomu, ndipo maganizo amenewa akakhazikika amavuta kuwazula. Zimene anapeza ku Vienna zikusonyeza kuti woyang'anayo atha kukhala khoma, mpweya kapena kuwala.

Yambirani pa mafunde

Mukaponya miyala iwiri m'madzi odekha, mafunde ochokera mbali ziwiri amakumana. Pamene msonga ya funde lina yakumana ndi msonga ya linzake, madzi amakwera kwambiri. Pamene msonga yakumana ndi chigwa, zimafafanizana ndipo madzi amakhala bata. Thomas Young wa ku England anasonyeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 kuti kuwala nakonso kumachita chimodzimodzi kukadutsa m'njira ziwiri: pakhoma pamaoneka mizere yowala ndi yakuda.

Kuti mizereyi ioneke, mafunde awiriwo ayenera kusunga mgwirizano wa nthawi. Taganizirani amayi awiri akusinja mumtondo umodzi. Wina akakweza musi, mnzake amatsitsa, ndipo amatha nthawi yaitali osagundanitsa misi chifukwa aliyense akudziwa pamene mnzake ali. Poti funde lafika pati m'kukwera ndi kutsika kwake, asayansi amapatcha phase, ndipo kusungika kwa mgwirizano pakati pa ma phase awiri ndiye coherence. Mgwirizanowo ukamasokonekera mosadziwika bwino, malo owala ndi akuda amasinthanasinthana mofulumira, ndipo diso limangoona kuwala kofanana paliponse.

Mungadzionere nokha izi usiku umodzi. Pezani kaleza kolozera pabolodi, mumange tsitsi limodzi patsogolo pake, muloze kukhoma lakutali m'chipinda chamdima, mosamala kuti kuwalako kusalowe m'maso mwa munthu. Kuwala kodutsa mbali ziwiri za tsitsilo kudzajambula timadontho towala tolekanitsidwa ndi mipata yakuda.

Mpaka pamenepa palibe chodabwitsa. Chodabwitsa chinayamba mu 1924, Louis de Broglie wa ku France atanena kuti elekitironi nayonso ili ndi khalidwe la funde, zimene Clinton Davisson ndi Lester Germer anatsimikizira ku America mu 1927. Mu 1961 Claus Jönsson anadutsitsa maelekitironi m'timing'alu ku Tübingen n'kuona mizere. Mu 1974 Pier Giorgio Merli, Gian Franco Missiroli ndi Giulio Pozzi ku Bologna, kenako mu 1989 gulu la Akira Tonomura ku kampani ya Hitachi ku Japan, anawatumiza mochepa kwambiri moti m'chipangizo munkakhala elekitironi imodzi yokha panthawi. Iliyonse inkagwa pamalo amodzi, kadontho kamodzi. Madontho oyambirira ankaoneka omwazikana. Atachuluka kufika masauzande ambiri, mizere inatulukira. Elekitironi inalibe inzake yokumana nayo panjira. Zimene zinkakumana ndi njira ziwiri za elekitironi imodzi yomweyo, ndipo mkhalidwe umenewu ndi umene umatchedwa superposition.

Masamu a timivi tiwiri

Pano ndi pamene ambiri amathawira, koma masamu ake oyambira ndi a pulayimale. Njira iliyonse imene elekitironi ingadutse imapatsidwa kamuvi papepala, kokhala ndi utali wake ndi kumene kaloza. Kumene kalozako ndiye phase ija. Kuti mudziwe mwayi woti elekitironi igwe pamalo ena ake, mumalumikiza timivi ta njira zonse, kenako utali umene mwapezawo mumauchulukitsa ndi iwo womwe. Lamulo limeneli linachokera kwa Max Born mu 1926.

Tiyerekeze timivi tiwiri, kalikonse kotalika 3. Pamalo pamene taloza kumodzi, 3 kuphatikiza 3 ndi 6, ndipo 6 kuchulukitsa ndi 6 ndi 36: mzere wowala. Pamalo pamene taloza mosemphana, 3 kuchotsa 3 ndi 0: mzere wakuda, pamene elekitironi sifikapo n'komwe. Onani zimenezo bwinobwino. Mutatseka njira imodzi, elekitironi imatha kufika pamalopo, koma mukatsegula zonse ziwiri imaleka.

Tsopano pakhale chinthu chilichonse chimene chasiyanitsa njira ziwirizo, monga photon imene yagunda elekitironi n'kupita kwina ngati inali kumanja, kwinanso ngati inali kumanzere. Timivi tija sitilumikizidwanso. Kalikonse kamachulukitsidwa pakokha, 9 ndi 9, n'kuphatikiza: 18 pamene panali powala, 18 pamene panali pakuda. Mizere yatha. Kusintha kumeneku, kuchoka pa 36 ndi 0 kufika pa 18 ndi 18, ndiye decoherence. Ndipo sikuchitika kamodzin'kamodzi ayi. Ngati photon yangonyamula chizindikiro chosamveka bwino, mupeza manambala apakati, monga 27 ndi 9. N'chifukwa chake ku Vienna mizere inkazilala pang'onopang'ono: kampira kofunda chabe kankatulutsa ma photon ochepa, a mafunde aatali, osatha kulozera bwino malo, pamene kotentha kwambiri kankatulutsa ambiri, a mafunde aafupi.

Amene wagwira bwino chitsanzo cha 36, 0 ndi 18 ali patsogolo kuposa amene waonera mavidiyo ambiri a mphaka. Richard Feynman anayambira pa ming'alu iwiri yomweyi m'buku lachitatu la maphunziro ake a fizikisi, limene yunivesite ya Caltech inaliika pa intaneti kwaulere, ndipo mutu wake woyamba wophunzira wa sekondale wolimbikira atha kuutsatira.

Funso limene linadikira zaka 35

Erwin Schrödinger analemba za mphaka wake mu 1935 pofuna kusonyeza kuti pali vuto. Ngati atomu itha kukhala m'mikhalidwe iwiri nthawi imodzi, ndipo mphaka anapangidwa ndi maatomu, bwanji sitionapo mphaka wamoyo ndi wakufa nthawi imodzi? Bwanji mpando sukhala pakhomo ndi pawindo nthawi imodzi? Kwa zaka zambiri yankho la m'mabuku linali lakuti malamulo a quantum ndi a tinthu ting'onoting'ono, zinthu zazikulu zili ndi malamulo ena. Koma malire ake ali pati, palibe ankalozapo.

Mu 1970 H. Dieter Zeh wa ku Heidelberg ku Germany anaona pamene panali cholakwika. Powerengera, asayansi ankatenga chinthu ngati chili chokhachokha, chosakhudzana ndi china chilichonse. Kwa atomu imodzi zimenezo n'zotheka kwa kanthawi. Kwa chinthu chachikulu n'zosatheka. Mpweya ukuchigunda, kuwala kukuchigunda, ichonso chikutulutsa kutentha. Kugundana kulikonse kumamangiriza mkhalidwe wa chinthucho ku mkhalidwe wa chimene chachigunda, kumangirizana kumene kumatchedwa entanglement. Kwa zaka pafupifupi khumi ntchito ya Zeh inangonyalanyazidwa. Inayamba kumveka m'ma 1980, Wojciech Zurek, wobadwira ku Poland amene anadzakhazikika ku Los Alamos, atalemba nkhani zake za 1981 ndi 1982, komanso Erich Joos ndi Zeh atawerengera manambala enieni mu 1985.

Manambalawo ndi ochititsa nthumanzi. Maximilian Schlosshauer, m'buku lake la 2007, anawaika motere. Tengani kafumbi kakang'ono, gawo limodzi mwa magawo 100 a milimita, mukaike m'malo awiri nthawi imodzi, otalikirana mofanana ndi kukula kwake. Mumpweya wamba mkhalidwewo umatha m'kanthawi kofanana ndi sekondi imodzi itagawidwa ndi nambala ya 1 yotsatiridwa ndi maziro 31. Mukachotsa mpweya mmene labotale yabwino ingathere, mazirowo amatsika kufika pa 14. Mukapita nako kutali m'mlengalenga, kopanda mpweya, kopanda dzuwa, kumatsalabe kuwala kozilala kumene kunatsalira chilengedwe chitangoyamba, kotentha madigiri 2.7 okha pa sikelo ya kelvin, ndipo kuwala kumeneko kumamaliza ntchitoyo m'sekondi pafupifupi imodzi. Ngati kafumbi kali choncho, nanji mphaka wopuma, wofunda, wokhala ndi ubweya?

Zurek anawonjezera mfundo ina imene ine ndimaiona kuti ndi yokoma koposa pankhani yonseyi. Zozungulira sizifafaniza chilichonse mofanana, zimasankha. Popeza mphamvu zimene zimachititsa kuti tinthu tigundane zimadalira mtunda, chimene mpweya ndi kuwala zimalemba ndi malo a chinthu. Mkhalidwe wakuti "chili apa" umapirira kugundidwa, pamene wakuti "chili apa ndi apo" umasweka nthawi yomweyo. Ndiye kuti dziko limene timalidziwa, mmene chinthu chilichonse chili ndi malo ake, likuchokera m'malamulo a quantum omwewo.

Pali chinthu chimodzi chimene oyamba ambiri amaphonya. Coherence siwonongedwa, imamwazika. Mukatenga kafumbi pamodzi ndi mamolekyulu onse a mpweya ndi ma photon onse amene akagunda, mgwirizano wa ma phase udakalipo m'gulu lonselo. Kungoti palibe angathe kusonkhanitsa zonsezo, chifukwa photon imene yatuluka pawindo ikuthamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi.

Anaziona zikuchitika ku Paris

Mu 1996, ku École Normale Supérieure ku Paris, Serge Haroche, Jean-Michel Raimond, Michel Brune ndi anzawo anakwanitsa kuonerera decoherence ili mkati mochitika. Anatsekera ma photon ochepa a microwave pakati pa magalasi awiri ozizira kwambiri. Anadutsitsamo atomu ya rubidium imene inali m'mikhalidwe iwiri nthawi imodzi, ndipo atomuyo inasiya kuwala kotsekeredwako kuli ndi ma phase awiri nthawi imodzi: kamphaka ka Schrödinger kopangidwa ndi kuwala. Kenako ankatumiza atomu yachiwiri kukafufuza, ataidikiritsa nthawi zosiyanasiyana. Akaitumiza msanga inkapeza mgwirizano ulipo, akachedwa inkapeza wachepa. Ndipo mikhalidwe iwiriyo ikakhala yosiyana kwambiri, mgwirizano unkatha msanga, monga momwe masamu ananenera. Haroche, amene anabadwira ku Casablanca mu 1944, analandira Mphotho ya Nobel mu 2012 limodzi ndi David Wineland wa ku Boulder ku America, amene ankachita zofanana ndi maatomu otsekeredwa ndi mphamvu ya magetsi.

Mdani wa kompyuta, bwenzi la dokotala

Masiku ano nkhaniyi yatuluka m'mabuku n'kulowa m'mafakitale. Kompyuta wamba imasunga 0 kapena 1. Kompyuta ya quantum imagwiritsa ntchito ma qubit, amene amatha kukhala mu superposition ya 0 ndi 1, ndipo luso lake lonse lagona pokonza timivi tija kuti mayankho olakwika afafanizane, olondola alimbikitsane. Phase ikasokonekera, chimatsala ndi makina odula otulutsa manambala achisawawa.

N'chifukwa chake makina a Google ndi IBM amakhala m'mafiriji ozizira kufika pafupifupi madigiri 0.01 pa sikelo ya kelvin, kuzizira koposa kwa m'mlengalenga. Pamene Yasunobu Nakamura ndi anzake ku kampani ya NEC ku Japan anayendetsa qubit yoyamba ya mtundu umene uli m'makina amenewa mu 1999, inkasunga mgwirizano kwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi. Willow, chipu cha ma qubit 105 chimene Google inalengeza mu Disembala 2024, chimafika pafupi ndi gawo limodzi mwa magawo 10,000 a sekondi. Ndi kanthawi kochepabe, koma n'kokwanira kuchita masitepe mazana angapo. Vuto la akatswiriwa ndi la mbali ziwiri: qubit iyenera kubisidwa kwa chilichonse, komabe iyenera kumva malamulo a woigwiritsa ntchito, ndipo waya aliyense wolowetsa lamulo ndi khomo lotulukira chizindikiro. Njira yopulumukira anaisonyeza Peter Shor mu 1995: kumwaza uthenga wa qubit imodzi pa ma qubit 9 kuti cholakwika chizipezeka ndi kukonzedwa popanda kuwerenga uthengawo.

Kuchipatala zinthu zimatembenuka, kusokonekera kwa ma phase n'kumene kumathandiza. M'makina a MRI, maginito amphamvu amafoletsa ma proton a m'madzi a m'thupi, kenako funde la wailesi limawachititsa kuzungulira mogwirizana. Mgwirizanowo umatha pang'onopang'ono, ndipo nthawi imene umatenga madokotala amaitcha T2. M'madzi oyenda momasuka umakhalitsa, m'minofu yothinana umatha msanga, choncho malo odzaza madzi amawala pachithunzi. Gawo lina la kusokonekeraku limabwezeka, monga anatulukira Erwin Hahn mu 1950, koma gawo lochokera ku kugundanagundana kwa mamolekyulu silibwerera, ndipo limenelo ndi limene limasiyanitsa mnofu wina ndi unzake. Makina a MRI amene anaikidwa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008 ndi amene anathandiza Karl Seydel, Terrie Taylor ndi anzawo kusonyeza, mu 2015, kuti ana ambiri omwalira ndi malungo a muubongo amakhala atatupa ubongo kwambiri.

Thupi la munthu, lofunda ndi lodzaza madzi, ndi malo ovuta kwambiri kusungamo superposition ya chinthu chachikulu. Max Tegmark anawerengera mu 2000 kuti m'maselo a ubongo mkhalidwe wotere sungapitirire sekondi imodzi itagawidwa ndi 1 wa maziro 13. Choncho wina akamakugulitsani mkanda, botolo la madzi kapena kamakina koyezera matenda onse ati n'ka "quantum", mufunseni kuti n'chiyani chili mu superposition, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo achiteteza bwanji ku mpweya ndi kutentha. Zimandiwawa kuona anthu odwala akutaya ndalama za mankhwala enieni chifukwa cha dzina la sayansi imene sinalonjeze zimenezo.

Pamene mabuku sagwirizana

Wofuna kupitirira apa afunika zida zitatu: manambala a complex, amene ndi timivi tija tolembedwa mwa masamu, ma vector, ndi ka matrix ka mizere iwiri ndi mizati iwiri kotchedwa density matrix. M'kabokosi ka manambala anayi kameneka, awiri amanena mwayi wa 0 ndi wa 1, ena awiriwo amasunga coherence. Decoherence yonse imaoneka ngati kufota kwa manambala awiri omalizawo kulowera ku ziro, oyamba aja ali chikhalire. Ndi bwino kuwerengera chitsanzo chimodzi ndi pensulo mpaka mapeto musanatsegule buku lachiwiri.

Mukatero mudzafika pa funso limene decoherence siyankha, ndipo buku limene likunena kuti inayankha likukunamizani. Decoherence imafotokoza chifukwa chake sitiona mizere kwa zinthu zazikulu, ndi chifukwa chake zinthu zimaoneka zili ndi malo. Koma masamu ake akatha, zotheka zonse ziwiri zimakhalabe papepala, kumanja ndi kumanzere, pamene mu labotale kadontho kamagwa pamalo amodzi. N'chiyani chimachititsa kuti pachitike chimodzi?

Otsatira Hugh Everett, amene analemba maganizo ake mu 1957, amati zonse ziwiri zimachitika, m'nthambi zimene decoherence yazilekanitsa moti sizingakumanenso. Zeh ankakhulupirira zimenezi mpaka imfa yake mu 2018. Otsatira David Bohm, kuyambira 1952, amati elekitironi ili ndi malo enieni nthawi zonse, funde limangoitsogolera. Ena amati funso lenilenilo ndi lolakwika, popeza timivi tija ndi chida chowerengera mwayi basi. Magulu atatuwa amalosera zofanana mu labotale, choncho kukangana kwawo sikungathetsedwe ndi makina amene alipo lero.

Gulu lachinayi ndi losiyana, chifukwa maganizo ake atha kuyesedwa. Giancarlo Ghirardi, Alberto Rimini ndi Tullio Weber ananena mu 1986 kuti mwina pali lamulo lina la chilengedwe limene limaphwanya superposition palokha chinthu chikakula, ngakhale chitabisidwa bwanji. Lajos Diósi ndi Roger Penrose anaganiza kuti mphamvu yokokera zinthu pansi ndi imene imachita zimenezo. Ngati n'zoona, payenera kukhala kukula kwina kumene mizere idzakana kuoneka ngakhale m'chipangizo chozizira, chamdima, chopanda mpweya. Mu 2019 gulu la Arndt linaona mizere ndi mamolekyulu a maatomu ofika 2,000, ndipo malirewo sanaoneke. Maganizo a Diósi amaloseranso kuti zinthu ziyenera kumatulutsa kuwala kochepa kwambiri chifukwa cha kuphwanyikako. Akatswiri anakakufufuza ndi chipangizo cha germanium mu labotale ya pansi pa phiri la Gran Sasso ku Italy, kumene thanthwe lokhuthala mamita 1,400 limatchinga cheza chochokera kumwamba. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2020, sizinasonyeze kuwala kochuluka monga momwe mtundu wosavuta wa maganizowo unalosera, ndipo mtundu umenewo unagwa. Mitundu ina idakalipo, ndipo magulu a ku Vienna ndi ku Zürich akuziziritsa timikanda tagalasi ta maatomu mamiliyoni ambiri, toyandama m'kuwala kwa leza, pokonzekera kutiika m'malo awiri nthawi imodzi.